Chilombo Chimene Anachitseka Pamodzi ndi Nyanja

Achimwene anga anabwerako ku Joni kumapeto kwa zaka za m'ma 90, mvula yoyamba itangogwa, ndipo ndinawazindikira ndi mawu okha. Ndinali m'katiyirumu kanga pa doko la Kachulu ndikutsuka makapu pamene ndinamva munthu panja akuti, "Achemwali, tiyi wa m'nyumba muno akadali wamadzimadzi?" Kutuluka, ndinapeza bambo wowonda, jekete ikulendewera m'mapewa, kachikwama kamodzi m'manja. Munthu ameneyu pochoka pano ankanyamula yekha dengu la matemba lofuna amuna awiri. Ndinawalandira chikwama n'kuwauza kuti tiyi wanga sanakhalepo wamadzimadzi, lilime lawo ndi limene linali lakufa. Ndinalowa m'kati msanga kuti asandione m'maso.

Ananyamuka chaka chimene nyanja inauma, pamene mabwato anagona pa matope ong'aluka ndipo anthu ankayenda pansi kupita ku Chisi. Amuna ambiri anabalalika nthawi imeneyo. Madzi atabwerera, ambiri anabwerera nawo, koma achimwene anakhalitsa. Alamu anadikira, anatopa, anakwatiwa ku Songani, ndipo ine sindiwada. Makolo athu anali atapita kale. Kotero pakhomo pofikira panali panga, kachipinda ka kuseri kwa tiyirumu.

Atapuma ndinatsegula chikwama kuti ndichape zovala. Munali malaya awiri, mkanjo woyera wa kumzikiti, ndi tizinthu tiwiri totuwa, tofanana ndi sopo wochapira, tili ndi kagalasi pamwamba ndi mabatani pansi. Pambali panali waya wokulungidwa bwinobwino m'sokosi.

"Izi ndiye chiyani?" ndinafunsa.

"Gemu."

Ine pakamwa panga sipachedwa, ndipo tsiku limenelo sipanachedwe. Ndinawauza kuti anzawo akamachokera ku Joni amabwera ndi njinga, mabulangete, ena malata a nyumba yonse, iwo zaka zonsezi abwera ndi zidole za ana. Ndinawafunsa ngati zidolezo tiphike kapena tifunde. Iwo anangondisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera, kenako anakhosomola nthawi yaitali, n'kundiuza kuti ndikhale pansi.

Anati kumeneko ankagwira ntchito ya ulonda pa nyumba yosungiramo katundu, okhaokha, opanda wolankhula naye. Gemu imodzi anaigula kwa mlonda mnzawo amene ankabwerera kwawo. M'kagalasimo muli dziko, anatero, muli tchire ndi mitsinje, ndipo m'tchiremo muli zilombo. Umazigwira zili zazing'ono, umazilera pozimenyanitsa ndi zinzake, zimakula. Iwo analera chimodzi, tsiku ndi tsiku, mpaka m'dziko lonse la m'kagalasimo munalibenso choti chilimbane nacho.

"Koma makina ukawagonjetsa sakwiya, achemwali. Sanena kuti wabera. Amangokhala duu. Ndinkafuna kugonjetsa munthu woti andiyang'ane."

Ndiye atadziwa kuti akubwerera kumudzi, anagula gemu yachiwiri ndi waya wolumikizira, kuti anthu awiri azimenyanitsa zilombo zawo. Ndinatenga malaya aja kupita nawo kochapa.

Masiku omwewo anatseka nyanja. Lamulo limeneli linalimba nyanja itauma ija, achimwene ali kale ku Joni. Mvula ikayamba, makoka onse amatuluka m'madzi kuti nsomba ziswane, ndipo komiti ya pa doko imayang'anira. Wopezeka akukoka amalandidwa khoka. Amuna amene anali ndi minda ya mpunga ku Likangala ankapita kukawokera, koma ambiri a pa doko analibe munda, ankangoyendayenda manja m'thumba, kusoka maukonde osoka kale. Khonde la tiyirumu yanga ndi limene linali pokhalira pawo, kapu imodzi ya tiyi tsiku lonse.

Woyamba kugwira gemu yachiwiri anali asuweni athu, mwana wa amalume, msodzi wamkulu ndithu, wa ndevu zake, ndiponso mmodzi wa akomiti. Ine ndi iwo tinakula tikunyozana monga mwa chisuweni. Ankanditcha mkazi wawo, ine ndinkawayankha kuti ndingakwatiwe ndi mlamba kusiyana ndi iwo. Anaitenga gemuyo moseka, ati aone zimene zinadya ndalama za ku Joni. Dzuwa linapendeka akadali pomwepo, lilime kunja ngati mwana wa sukulu, tiyi wawo atazizira.

Mlungu usanathe, gemu yachiwiriyo inasanduka ya doko lonse. Ankalandirana. Aliyense anagwiramo chilombo chake n'kumachilera ikafika nthawi yake: asuweni anali ndi chawo chonga kamba, mwana wa ashehe chonga mbalame, wosoka maukonde chonga njoka. Chizungu cha m'kagalasimo ambiri sankachiwerenga, ankangoloweza kuti apa ukadina chimaluma, apa chimalavula moto. Mabatire akafooka ankawayanika padzuwa pa thandala langa, pambali pa matemba, ena ankachita kuwaluma ndi mano kuti apatseko kamphamvu kotsala. Aliyense wopita ku Zomba pa minibasi ankatumidwa mabatire asanatumidwe mchere.

Tsopano ndinene chimene chinandisintha mtima pa zidole zija. Achimwene anabwera akudwala, ndipo aliyense ankaona. Chifuwa, kutentha thupi, tsitsi kupyapyala. Anthu sankatchula dzina la matendawo, ankangoti ndi a masiku ano, n'kutsitsa mawu. Masiku oyamba ankawapatsa moni ataima patali. Kapu imene achimwene amwera, ngakhale nditaitsuka ndi phulusa pamaso pawo, munthu ankati, "Ndipatseni ina ija ya buluu." Zinkandiwawa kwambiri, ndipo ena ndinawathamangitsa m'tiyirumu chifukwa cha mawu amenewo.

Koma waya uja anali wamfupi, kutalika kwake mkono umodzi basi. Kuti umenyanitse chilombo chako ndi cha achimwene, unkayenera kukhala nawo pa benchi imodzi, mawondo kugundana. Ndipo anthu ankakhala. Omwe aja oopa kapu ankalimbirana malo pafupi nawo, ena atawatsamira paphewa kusuzumira m'kagalasi, mutu ndi mutu. Ndinkaima pakhomo ndi ketulo m'manja ndikuona mlongo wanga ali pakati pa anthu, akugwidwa, akukankhidwa, akunyozedwa monga kale. Ndinasiya kudandaula za malata.

Vuto linali chilombo chawo chija. Maonekedwe ake chinali ngati ng'azi yoimirira ndi miyendo iwiri, ya nyanga pamutu. Achimwene ankayamba ndi kufunsa mnzawo ngati wadya, ngati watsanzika kunyumba, kenako n'kuchitulutsa. Chikamenya kamodzi, cha mnzawo chagwa. Atulutse china, chagwa. Gulu lonse la zilombo za pa doko, zimene amuna akuluakulu anazilera mpaka zala kutupa, linkatha madzi a tiyi asanawire. Anthu anachitcha khoka, chifukwa sichinkasiya kanthu, ngakhale kakang'ono. Achimwene ankaseka mpaka chifuwa kuwagwira, akapuma n'kufunsa kuti wotsatira ndani.

Poyamba anthu ankati tichilera chathu, tidzachipeza. Analera, anabwerera, anagwa. Anayesa kusintha woyamba kutuluka, anagwa. Wosoka maukonde anafika pomapemphera asanadine batani. Kenako kuseka kunayamba kuchepa pa khonde. Munthu ankaluza n'kungoika gemu pansi mwakachetechete, n'kunyamuka.

Mmawa wina asuweni anabwera ndi anzawo angapo, osakhala pa benchi monga mwa masiku onse koma ataima, zipewa m'manja, ngati abwera kudzanena mlandu.

"Asuweni," anatero kwa achimwene, "tabwera ndi mawu a anthu. Khoka lanuli lituluke m'madzi."

"Lalakwanji?"

"Silinalakwe. Koma likakhalamo, ife tilibe chosewera. Tikudziwa mathero tisanayambe. Muzimenya ndi zilombo zanu zina zija, ichi chipume."

Achimwene anayang'ana aliyense kumaso. Anati chilombocho sanachibe, sanachigule, anachilera okha pamene enawo anali m'tulo ndi akazi awo. Anati munthu akakhala ndi bwato lothamanga sumuuza kuti aliboole kuti mufike limodzi. Asuweni anayankha kuti bwato silidya mabwato anzake. Anakangana ndithu, mawu anakwera, ndipo pomaliza achimwene ananena mawu amene sindinawaiwale.

"Zaka zonse zija ndabwera ndi chinthu chimodzi chokha champhamvu. Mukufuna ndichiike pansi, nditsale ndi chiyani?"

Asuweni anavala chipewa, anaika gemu yachiwiri pa benchi, anatuluka, enawo n'kuwatsata.

Khonde linati zii. Anthu anasamukira pansi pa mtengo wa pafupi ndi mzikiti kukasewera bawo. Achimwene ankatulukabe mmawa uliwonse, kukhala pa malo awo, kulumikiza waya, gemu imodzi m'manja, inayo pa benchi popanda munthu. Munthu akamadutsa ankakweza mutu. Munthuyo akapereka moni ali patali n'kupitirira, ankautsitsa. Kudya kunachepa. Phala ndinkachita kulimbana nawo ngati mwana, ndipo madzulo ankalowa m'chipinda dzuwa lisanalowe.

Mtima wanga unandiuza kuti nkhani ya chilombo ndi chonamizira, anthuwa apeza pothawira chifuwa. Ndinamanga chitenje, ndinapita pansi pa mtengo paja, ndinawapeza asuweni ali pa bawo, ndipo sindinapereke moni. Ndinawauza kuti ndi amantha, amuna a ndevu othawa munthu wodwala n'kunamizira chidole. Ndinawakumbutsa kuti ndi achimwene amene anawaphunzitsa kupalasa bwato, amene anawavuula m'madzi ali mwana. Ndinalankhula zambiri, zina zosayenera pafupi ndi mzikiti.

Asuweni anadikira ndimalize. Sananditche mkazi wawo tsiku limenelo. Anati, "Achemwali, ndakhala ndi munthu uja mawondo kugundana kuyambira nyanja itatsekedwa. Wandikhosomolera m'khutu, sindinasunthe. Ndikanakhala woopa ndikanathawa kale. Koma ine ndine munthu, kuluza tsiku lililonse kumawawa. Akachichotsa, mawa lomwe ndili pa benchi."

Ndinawakhulupirira theka. Za iwo ankanena zoona. Ena pa gulu lija ndinkawaona m'maso kuti apumula, ndipo sanabwererenso pa khonde langa mpaka mapeto.

Ndinabwerera kunyumba n'kuwauza achimwene monga ndinamvera, osawonjezera. Anasisita kagalasi ndi chala. Kenako anati, "Kawaitaneni."

Anabwera tsiku lotsatira. Achimwene anati avomera, koma afuna adziwe kuti chilombo chawo chikhala kunja mpaka liti, chifukwa ngakhale wakuba amauzidwa tsiku lotuluka. Anthu anayang'anana, panalibe amene analiganizira funso limenelo. Asuweni, poti ndi a komiti ndipo lamulo limene ankalidziwa ndi limodzi, anati, "Ndi khoka, eti? Litsekedwe pamodzi ndi nyanja. Tsiku lotsegula nyanja nalo lilowe m'madzi, ndipo ine ndidzakhala woyamba kulimbana nalo." Onse anaseka, anati ndi chilungamo chenicheni. Achimwene anagwirana nawo chanza. Ine ndinathira tiyi wa onse, ndipo pa tonsefe panalibe amene anaona cholakwika m'mawu amenewo.

M'gemumo munali mosungira zilombo zimene sukuyenda nazo. Achimwene anachilowetsa m'menemo anthu akuona. Mmawa uliwonse asuweni ankatenga gemu ya achimwene n'kuyendera, nkhope itauma ngati akufufuza bwato la munthu wokayikitsa, kuona kuti khoka likadali kotsekera. Akakhutira ankaibweza, masewera n'kuyamba.

Apa ndi pamene zinaoneka kuti zilombo zina za achimwene zinali zanjala. Zaka zonse analera chimodzi, zinazo anangozigwira n'kuziiwala. Tsiku loyamba asuweni anawagonjetsa ndi kamba wawo, ndipo bambo wamkulu uja anavina pakhonde mpaka chipewa kugwa. Mwana wa ashehe anawagonjetsa. Wosoka maukonde anawagonjetsa n'kuthamanga kukauza mkazi wake. Khonde linadzazanso, phokoso mpaka amayi ogulitsa mandasi ankabwera kudzaona. Achimwene ankaluza kuyambira mmawa mpaka madzulo, akutukwana, akuwaloza ndi chala.

"Vinani, vinani. Nyanja itsegulidwa. Mudzandipempha madzi akumwa."

Mawu amenewo anasanduka nyimbo yawo. Aliyense wowagonjetsa ankauzidwa kuti dzina lake lasungidwa. Ndipo kudya kunabwerera pang'ono, moti tsiku lina anandipempha okha mpunga ndi nsomba za makumba.

Koma thupi silinamve zimenezo. Mwezi wa Ramadani unadutsa iwo osatha kumanga, ndiko kusala kudya, ankamwera phala m'chipinda kuti asaonetse anthu, ndipo zinkawachititsa manyazi. Ndinapita nawo kuchipatala ku Zomba, anatipatsa mankhwala, tinabwerera. Pa ulendo umenewo anandituma ndiwagulire mabatire atsopano, abwino, osati aja ofooka msanga. Sanawatsegule. Anawakulunga m'sokosi ija ya waya n'kuwaika pansi pa pilo, ati ndi a tsiku lotsegula. Mvula itayamba kuchepa, miyendo inakana. Asuweni ankabwera mmawa kudzawanyamula kuchoka pa mphasa kufika pa benchi, akuwanyoza kuti alemera ngati thumba la makaka a chinangwa, ndipo madzulo ankawabwezera.

Masiku amenewo ndinkawamva akufunsa aliyense wolowa m'tiyirumu kuti akomiti anena liti. Sankafunsa za mankhwala, sankafunsa za alamu. Ine ndinkaona mmene akutsikira ndipo pemphero langa linali laling'ono: afike tsikulo, achitulutse chinthu chawocho pamaso pa anthu, aseke kamodzi monga ankasekera.

Tsiku linalengezedwa. Dzulo lake doko linasanduka msika. Amuna ankapakira m'mabwato ufa, mchere, nkhuni, mapoto, mabulangete. Kwa ine anagula shuga ndi masamba a tiyi mpaka shelefu inatsala yokha. Ndinali pakati poyeza shuga wa munthu wina pamene manja anga anaima. Katundu ameneyu sanali wa tsiku limodzi. Nyanja ikatsegulidwa asodzi athu sagona kumtunda. Amapita kutali m'madzi, ku zimbowera, timisasa timene amamanga pamwamba pa udzu wa njedza woyandama, ndipo amakhala kumeneko milungu, nsomba zikutengedwa ndi mabwato a ogula. Chaka chilichonse ndinkaziona zimenezi. Tsiku limene chilombo cha achimwene chinkatuluka linali tsiku lomwelo limene pa doko sipatsala mwamuna wamphamvu.

Ndinasiya sikelo n'kuthamangira kumadzi. Asuweni anali m'bwato akulongedza khoka lawo lenileni. Nditawauza, anaima ndi chingwe m'manja, nkhope inagwa. Sanachite dala, ndinaona ndekha kuti nawonso zawafikira pomwepo.

"Bwerani musewere nawo panopa," ndinatero. "Tsiku limodzi ndi chiyani?"

Anabwera, thukuta lili thupi lonse. Koma achimwene anakana. Anati pangano ndi pangano, nyanja ikadali yotseka, safuna wina adzanene kuti anakoka usiku ngati wakuba. Anati mawa, anthu onse alipo. Asuweni anayesa kuwafotokozera kuti mawa kusanache mabwato akhala atanyamuka, kuti tsiku loyamba ndi limene munthu amapezera malo abwino, ndipo ana kunyumba akhala miyezi osaona ndiwo yeniyeni. Achimwene anangogwedeza dzanja. Iwo anachoka kuno kulibe zotseka ndi zotsegula, pamene munthu ankapita m'madzi mmawa n'kubwera masana monga wafunira. Chipwirikiti cha tsiku lotsegula anali asanachionepo.

"Pitani mukaponye, masana mubwere," anatero. "Ndikudikirani."

Asuweni anandiyang'ana, n'kuyang'ana pansi. Potuluka anandinong'oneza kuti akalephera mawa, Lachisanu abwera ku mapemphero a Juma, zivute zitani.

Kutacha achimwene anandipempha madzi ofunda. Ndinawasambitsa, anavala mkanjo woyera uja, pamwamba jekete ya ku Joni. Panalibe wowanyamula, ndiye ndinawakoka ndekha pang'onopang'ono, dzanja lawo lili pakhosi panga, mpaka pa benchi. Anatsegula mabatire atsopano, anaika m'magemu onse awiri, analumikiza waya. Analowa mosungira muja n'kuchitulutsa chilombo chawo. Anandionetsa m'kagalasi, ati ndione ngati chawonda.

Doko linali mbee. Pamene dzulo panali mabwato panatsala mikwasa yake m'matope. Kunali amayi ochepa akukonza mathandala, agalu, ndi akakowa. Achimwene anakhala tsonga kuyang'ana kunjira ya kumadzi. Ndinawapatsa tiyi, anati amwa akamaliza ntchito. Dzuwa linakwera, mthunzi unachoka pa benchi, ndinawapempha alowe, anakana. Minibasi ya ku Zomba inafika, inatsitsa ogula nsomba, iwo anadutsa pa khonde osayang'ana. Masana anakwana, anapitirira. Bwato likaoneka patali ankatambasula khosi, likafika n'kukhala la ogula, ankabwerera m'jekete mwawo.

Mthunzi utayamba kutalika ndinaona kuti mutu wawo ukugwera pachifuwa ndipo gemu ikuterereka m'manja. Ndinapukuta manja, ndinakhala pa benchi, ndinatenga gemu ya anthu a pa doko. Miyezi yonseyi ndinali ndisanaigwirepo.

"Tiyeni," ndinatero. "Ine si munthu?"

Anandiyang'ana. Kenako anandifunsa ngati ndadya, ngati ndatsanzika kunyumba. Ndinati asandichedwetse, ndili ndi makapu otsuka. Anandionetsa podina. Mawondo athu anagundana, awo anali mafupa okhaokha, ndipo ankatentha kupyola nsalu.

Chinatuluka, ng'azi ya nyanga ija. Kwa ine kunatuluka kamba wa asuweni, amene anali atakula kwambiri pa miyezi imeneyo. Chala cha achimwene chinaphonya batani, anayesanso. Kamba anapirira kumenya koyamba, ndipo achimwene anati, "Oho, alera ndithu." Kachiwiri anagwa. Inatuluka mbalame ya mwana wa ashehe, inagwa. Njoka ya wosoka maukonde inagwa. Chilichonse chikamagwa ankatchula mwini wake mokweza, monga mmene mawu awo akanathera, n'kumukumbutsa tsiku limene anavina. Ine sindinawalekerere, ndinkadina ndi mtima wonse, ndikanatha kuwagonjetsa ndikanawagonjetsa. Chomaliza chitagwa, kanyimbo ka gemu kanalira, achimwene anaseka. Kunali kuseka kwenikweni, kwa kale, mutu kumbuyo. Chifuwa chinawadula, ndinawagwira msana mpaka chinatsika.

Atapuma anadzutsa mutu n'kuyang'ana pa mabenchi, uku ndi uku. Anali opanda munthu, makapu okha nditawavundikira.

"Inu mwaona, achemwali?"

"Ndaona."

"Mudzawauze."

Anazimitsa gemu kuti mabatire asathe, ati Lachisanu adzafunika. Ndinawakokera m'nyumba, ndipo pa benchi paja sanakhaleponso.

Lachisanu linafika, asuweni sanabwere. Ogula ankati kumadzi matemba agwa osaneneka, anthu akukoka osapuma, ngakhale Juma akupempherera konko. Achimwene anafunsa kamodzi mmawa, anafunsanso adhana yoitanira mapemphero italira, kenako anatembenukira kukhoma. Mlungu wotsatira, mmawa, ndikukoleza moto wa tiyi, anatisiya. Ndinalira mokuwa, ndinalibenso wina wa mimba imodzi ndi ine pa dziko.

Kwathu maliro sagona. Ndinatumiza uthenga pa bwato la ogula, koma zimbowera zili kutali ndipo sizikhala pamodzi. Anawasambitsa ndi ashehe ndi madala a pa mzikiti, ndipo jeneza, chonyamulira maliro, ananyamula ndi madala omwewo, pamodzi ndi amuna angapo amene anachoka m'minda ya mpunga matope ali m'miyendo. Akazi sitipita kumanda. Ndinaima pa khonde ndikuona akupita, akuima pafupipafupi kusinthana mapewa chifukwa onyamula anali ochepa. Munthu amene miyezi yonse ya mvula anali pakati pa gulu anapita ndi anthu oti ungawawerenge ndi maso.

Asuweni anafika mawa lake masana, atapalasa okha kuchokera kumene uthenga unawapeza. Maso anali ofiira, milomo yosweka ndi dzuwa. Mawu anga ndinali nditawakonza, akuthwa, ndipo ndinkafuna awamve doko lonse likumva. Koma anaima pa khonde, anayang'ana pa benchi, anavula chipewa, ndipo ndinaona kuti m'thumba la malaya muli mabatire atsopano amene anaitanitsa kwa ogula nsomba. Mawu aja anandithawa.

Anakhala pansi, osati pa benchi, pa dothi. Kenako anafunsa, osandiyang'ana.

"Anachitulutsa?"

"Anachitulutsa."

"Analimbana ndi ndani?"

"Ndi ine. Anati ndikuuzeni. Kamba wanu anapirira kamodzi, kachiwiri anagwa. Enawo onse kamodzikamodzi."

Anagwedeza mutu, misozi ikutsikira m'ndevu. "Anaseka?"

Ndikanatha kuimira pomwepo, koma achimwene anati ndiwauze, ndipo ine ndinaona zonse. Ndinati anaseka, kenako anayang'ana pa mabenchi.